Opalasa njinga mu Lilongwe, tikumane pa 3 June?

Wachikuda25: Abale, 3 June ndi tsiku la njinga padziko lonse, a UN analikhazikitsa mu 2018. Bwanji tipalase pagulu kuchokera ku Area 18 mpaka mtauni, khonsolo ione kuti tikufuna kanjira kathukathu m'mbali mwa msewu?

MayiWaKawale: Ine ndilipo koma tidziwitse apolisi kaye, apo ayi maminibasi atipanikiza, mukudziwa mmene amakhotera mwadzidzidzi akangoona pasenjala.

Tcheni: Akabaza muwaitane achimwene, ndi amene amaswera mumsewu, osati inu anjinga zodula za Loweruka lokha kkkk

Wachikuda25: Zoona, abwere ndithu.

Pedulo: Ku San Francisco anayamba chonchi mu 1992, amati Critical Mass, Lachisanu lomaliza la mwezi uliwonse. Kamodzi pachaka sangatimve. Komanso June kumazizira, tinyamuke 8 koloko.