Troxler yakale yapezeka mu kontena ku Kasungu

Banda: Akuluakulu, tikuphwasula kampu ya msewu kuno ku Kasungu. Mu kontena ya labu tapezamo Troxler yoyezera kulimba kwa dothi, yadzimbiri, yopanda mapepala. Geiger, mita yoyezera radiation (cheza choopsa), ikulira tikaiyandikiza. Abwana akuti kontena yonse yaipa, anyamata akuti tigulitse kwa ogula zitsulo. Titani?

Mayi Nkhoma: Kwa a zitsulo ayi ndithu. Ku Goiânia, Brazil, mu 1987 anthu anaboola kachitsulo ka Cs-137 (caesium yotulutsa radiation) kotoledwa m'chipatala chosiyidwa, anayi anamwalira. Cs-137 yomweyo ndi imene ili kunsonga kwa ndodo ya makina anuwo. Khomani loko, imbirani a AERA, bungwe la boma loona za radiation, ku Lilongwe lero lomwe. Lamulo la 2011 silola kusunga zimenezi popanda laisensi.

Phiri: Achimwene, kulira kwa Geiger sikutanthauza kuti Cs-137 yatayikira. Ngakhale makina abwinobwino amatulutsa radiation ya gamma. Yambani mwayeza panja, kutali, nthawi zambiri mupeza 0.1 mpaka 0.2 µSv/h (muyeso wa radiation pa ola). Kenako RPO wanu, woyang'anira chitetezo cha radiation, aike makinawo m'bokosi lake, ndodo ili yokhoma, awasunthe, ndiye muyeze pansi pa kontena. Mukayeza ali momwemo mungoyeza makinawo basi.

Banda: Tatero. Pansi pakufanana ndi panja. Koma kunsi kwa makina nambala ndi yokwera kuposa m'mbali, pabowo padzaza matope ouma.

Phiri: Ndiye kachitseko ka tungsten kotchinga bowolo sikakutsekeka bwino, matenda a makina ogwira m'dzinja. Osatokosa ndi chala, osasuzumira. Chatsala ndi wipe test, yoona ngati pali chotayikira: magolovesi, chopanira, kapepala konyowetsa ndi spiriti, kupukuta m'mphepete mwa bowo, kuika m'kajumbo. Malire pa kapepalako ndi 185 Bq (muyeso wa mphamvu ya radiation), muyezo wa ISO 9978 umati 200.

Mayi Nkhoma: A Phiri, kapepalako kapite ku labu, mita yakumanja musaikhulupirire. M'makinamo mulinso Am-241 (americium) yosakaniza ndi beryllium, zotulutsa radiation ya alpha ndi ma neutron. Alpha yake siidutsa khoma la Geiger wamba, ndipo ma neutron siimawamva n'komwe.

Banda: Abwana akufunsa ngati tingaikwirire kuti mphamvu ithe yokha.

Mayi Nkhoma: Auzeni kuti Cs-137 imatsika ndi theka pa zaka 30, Am-241 pa zaka 432. Jambulani kachitsulo ka serial number mutumize ku AERA, afufuze amene anaiitanitsa, ibwerere kwa opanga. Ndipo isakwere minibasi.