Ndowa ya buluu ndi K120,000 ya zindapusa

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. M'buku la banki m'khonde yathu ndinalemba kuti K120,000 ya zindapusa igule penti wa kirimu, ndowa ya malita 20, wopaka m'chipinda chomwe timakumaniramo. Yafika ndi ya buluu. A Msungichuma, tafotokozani.

Msungichuma: Wakirimu anali atatha m'sitolo. Thiransipoti ndinali nditalipira kale, ndiye ndikanabwerako chimanjamanja? Komanso buluu amaziziritsa m'nyumba. Ikafika October mudzandithokoza.

NaBanda: Achimwene, kutentha kwa mmuja kumachokera ku malata opanda siling'i, osati kukhoma. Zenera ndi limodzi, ndipo penti wa madzi akauma amaderako. Tiziwerenga masheya ndi tochi masana? Kirimu amawalitsa chipinda, komanso fumbi lathu lakatondoli silionekera msanga pa iye. Pabuluu mwana akangogwira, chidindo cha zala zisanu.

NaPhiri: Koma ndamuona ine, ndi buluu wowala bwino, si wa Manoma uja ayi.

NaBanda: Asisi, kukongola tikambirana tikamaliza. Foni anali nayo m'thumba, bwanji sanaimbe? Ine nditachedwa mphindi khumi munandidula K500 osamva n'komwe za maliro.

Wapampando: Pamenepo NaBanda wanena zoona. Kodi sangabwezedwe?

Msungichuma: Anachita kusakaniza pamakina ine ndili pompo. Akuti wosakaniza salandiranso. Lisiti ilipo, K112,000, chenji K8,000 ndabweza m'bokosi.

Mlembi: Chenjicho ndachiona. Koma tikapaka buluuyu kenako n'kufuna kirimu, padzafunika kupaka kawiri kapena katatu kuti abisike. Ndalama ina imeneyo. Ndowa isatsegulidwe.

NaPhiri: Ndiye ndipatseni ine, ndikapake kuchipinda kogona. Kumeneko mdima ndi umene ndimaufuna. Ndidzalipira pogawana mu December.

NaBanda: Ikhale ngongole, ndi chiwongoladzanja cha 20 peresenti ngati aliyense.

NaPhiri: Iii, ndikupulumutseni komanso mundidye? Ndowa sindikachita nayo geni ine.

Wapampando: Tamvani. NaPhiri atenge pa K112,000 popanda chiwongoladzanja, koma alipire mwezi uno usanathe, osati December. A Msungichuma, ulendo wokagula kirimu thiransipoti ndi yanu, ndipo mupite ndi NaBanda.

Msungichuma: Ya anthu awiri?

NaBanda: Awiri, kupita ndi kubwera. Fanta ndigula ndekha.