Tsitsi lija lasiya kuthothoka

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa chifukwa chake tsitsi langa linayamba kuthothoka kwambiri patatha miyezi itatu chichirireni matenda otentha thupi. Ndinatsatira malangizo akuti ndisathamangire mafuta odzola kumutu, koma ndikayezetse magazi. Anapeza kuti ferritin, yomwe imasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi, inali yotsika.

Adokotala anandipatsa mapiritsi a ayironi. Ndimamwera madzi a malalanje chifukwa vitamini C amathandiza kuti ayironi alowe bwino m'magazi, ndipo tiyi ndimamwa patatha maola awiri poti amatchinga. Ndinawonjezeranso mazira, nyemba ndi nyama, chifukwa tsitsi limapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin.

Mwezi wachinayi chipeso chinayamba kutuluka ndi tsitsi lochepa, ndipo m'mbali mwa chipumi mwaphuka titsitsi tatifupi.

Amene muli ndi vutoli, lezani mtima. Matenda amachititsa mizu yambiri kupuma nthawi imodzi, ndipo tsitsi lotere limadzagwa patatha miyezi pafupifupi itatu. Latsopano limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Kutaya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku si matenda ayi. Chonde musamwe ayironi musanayezetse, akachuluka amawononga chiwindi. Vitamini A wochuluka nayenso amathothola tsitsi.