Magetsi akumbuyo a galimoto yokokedwa ndi motorhome

MwiniCRV: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikufuna kumakoka Honda CR-V ya 2013 kumbuyo kwa motorhome yanga (galimoto yaikulu yokhala ndi malo ogona ngati nyumba), matayala onse anayi ali pansi. Tow bar, chitsulo chokokera, ndamanga kale, chandiimika mutu ndi magetsi. Pulagi ya motorhome ndi ya mawaya anayi, buleki ndi indiketa zimadutsa pa waya mmodzi mbali iliyonse. Koma CR-V ili ndi babu la indiketa lakelake lachikasu, losiyana ndi la buleki. Magetsi omata ndi maginito aja sindikuwafuna, amakanda penti. Kodi ndingangogwirizitsa mawaya pa mababu basi?

MakanikaWakale: Ayi achimwene, musatero. Mukangolumikiza chisawawa, moto wochokera ku motorhome ubwerera m'mawaya a CR-V mpaka kukafika ku kompyuta ya galimoto. Komanso mababu a buleki amadya pa mzere umodzi, ndiye mukayatsa indiketa ya kumanzere, ya kumanja nayo iphethira. Ikani ma diode, tizipangizo tolola moto kupita mbali imodzi yokha, tokhala ndi pakamwa pawiri polowera ndi pena potulukira. Mudule waya wa babu, mbali yochokera ku galimoto ilowe pakamwa pamodzi pa diode, wochokera ku motorhome pakamwa penapo, potulukira pakhale waya wopita ku babu.

Mitundu ya mawaya anayi a motorhome aja ndi iyi: wabulauni ndi wa magetsi oyenda nawo usiku, wachikasu ndi buleki ndi indiketa ya kumanzere, wobiriwira ya kumanja, woyera ndi earth, waya wobwezera moto. Wachikasu ndi wobiriwira apite ku mababu ofiira a buleki, ndiwo azigwira ntchito zonse ziwiri mukamakoka. Mababu achikasu a indiketa aja asiyeni, azigona.

MayiWaPamsewu: Ndiwonjezereko za waya woyerayo, chifukwa ambiri amamupeputsa. Musadalire kuti tow bar ipereka earth. M'malo olumikizira muja mumakhala dzimbiri ndi girisi, magetsi amayamba kuzimazima galimoto ikamadumpha. Palani penti pa chitsulo cha thupi la CR-V mpaka chiwale, mumangepo wayayo ndi bawuti. Chingwe cha pakati pa magalimoto awiriwo chikhale ndi mpata wokhotera pakona, koma chisakhwekhwereze pansi.

MwiniCRV: Zikomo kwambiri nonse. Funso lina: ndagulanso kachipangizo koponda buleki ya CR-V ndikaponda ya motorhome. Pamenepa pali vuto?

MakanikaWakale: Lilipo, ndipo ndi lalikulu. Kachipangizoko kakaponda, CR-V imayatsa yokha mababu ake ofiira osaphethira, indiketa yanu n'kubisika nthawi yomwe mukuchepetsa liwiro kuti mukhote. Wobwera kumbuyo sadziwa komwe mukulowera. Ikani relay, kachipangizo kodula ndi kulumikiza moto, pa waya wa switch ya buleki kuti muzidula moto umenewo mukamakoka. Poyesa, munthu mmodzi aime kumbuyo, inu muyatse indiketa, wina aponde buleki ya CR-V ndi phazi. Babu lipitirize kuphethira.