Miyala iwiri ifikiranji pansi nthawi imodzi?

Tadala:
Abale, ndithandizeni. Funso likuti uli pamwamba pa nyumba yotalika mamita 20, mwala umodzi wangousiya kuti ugwe, wina wauponya chopingasa pa liwiro la mamita 15 pa sekondi. Akuti yonse ifika pansi limodzi. Mutu wanga ukukana ndithu. Woponyedwawo ukuyenda mtunda wautali, ndiye ulekeranji kuchedwa?

A Phiri:
Tadala, ulendowo uugawe pawiri. Mphamvu yokokera zinthu pansi imagwira chotsika basi, liwiro lopita kutsogolo ilibe nalo ntchito. Miyala yonseyo ikuyamba ilibe liwiro lotsika, ndipo sekondi iliyonse liwirolo limawonjezeka ndi mamita 9.8 pa sekondi. Kuwonjezeka kwa liwiroku timakutcha g. Tenga g = 10 kuti masamu aphweke: h = ½gt², pomwe h ndi kutalika kwa nyumbayo ndipo t ndi nthawi yomwe mwala ukutenga kuti ufike pansi, ndiye 20 = 5t², t ndi masekondi 2. M'masekondi awiriwo, woponyedwa uja wapita kutsogolo 15 × 2, mamita 30. Mtunda wake ndi wautalidi, koma ukuthamanganso kuposa unzakewo. Samala mawu oti chopingasa: ukauponya chokwezako pang'ono, uchedwa kufika.

Tadala:
Zikomo aphunzitsi. Nanga umodzi utakhala wolemera kwambiri?

Chikondi:
Sizisintha achemwali, bola mpweya usasokoneze. Mu 1971 David Scott wa Apollo 15 anagwetsa nyundo ndi nthenga pamwezi, komwe kulibe mpweya, zinafika pansi limodzi. Kuno nthenga imachedwa chifukwa mpweya umaitchinga. Ine zinandilowa nditayesa ndalama ziwiri zachitsulo m'mphepete mwa tebulo. Kankhani imodzi mwamphamvu kuti ikhudze inzake pang'ono, zigwere pamodzi, mumvetsere kulira kwake pansi.