"Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda": mwambiwu ndi wotama kapena wodandaula?

Wofunsa:

Abale, ndithandizeni. Mwambi uwu ena amaunena modziguguda pachifuwa, ena amaunena mousa moyo. Tanthauzo lake lenileni ndi liti?

Chandichititsa kufunsa ndi filimu yakale ya ku Germany, ya nthawi imene mafilimu analibe mawu, zolankhula zinkangolembedwa pa sikirini. Dzina lake ndi Ich möchte kein Mann sein, kutanthauza kuti "Sindikufuna kukhala mwamuna". Anaikonza ndi Ernst Lubitsch ku Berlin mu 1918. Ossi Oswalda akusewera ngati mtsikana wa m'banja lolemera amene amasuta, kumwa ndi kusewera makadi, zimene omulera sagona nazo tulo. Amalume ake atachoka pa ulendo, kubwera Dr. Kersten (Curt Goetz), munthu wovuta, kudzamuyang'anira. Mtsikana atopa nazo, apita kusitolo ya zovala zachimuna, kumene anyamata ogulitsa alimbirana kuti amuyeze ndani, nagula suti yakuda ndi chipewa chachitali.

Ufulu umene ankaufunawo suchedwa kumuwawa. Kolala yolimba ndi tayi zimuvuta kumanga. M'sitima akakamizidwa kusiyira mayi mpando. Wina amuponda phazi, iye kuti adandaule, amudzudzula kuti mwamuna satero. Kudansi ndudu yaikulu imuzunguza mutu. Pomaliza anena yekha kuti umuna sakuufuna. Ndiye kodi si zomwezo zimene mwambi wathu ukunena, kuti kukhala mwamuna ndi kutha?

Bambo wina wa ku Ntcheu:

Mwana wanga, mwambiwu ndi wa ulendo. Mwamuna sakhala pakhonde, amapita kukasaka. Kabudula sathera m'sutikesi, amathera m'thupi mwa munthu woyenda, choncho mwamuna naye mphamvu zake zimathera kofunira ana chakudya. Ife tinkaumva ponena za amene anapita ku Joni kumigodi kapena ku Harare, ena osabwerako n'komwe, aja tinkawatcha matchona. Muli kutama, muli chisoni, zonse pamodzi. Komanso zindikirani kuti si mwambi wa makolo akalekale ayi. Kabudula anabwera ndi azungu, asilikali ndi ana a sukulu. Makolo a nthawi ya nyanda sakanaunena.

Mayi wina wa ku Zomba:

Bambo, mwafotokoza bwino, koma mwasiya theka. Ine mwambiwu ndaumva kwambiri pa milandu ya banja. Mwamuna wagona kunja masiku atatu, mkazi akadandaula, ankhoswe n'kumuuza kuti pirira, mwamuna ndi kabudula. Pamenepo "kuyenda" kwake si kwa ku Joni, tonse tikukudziwa.

Za filimuyo, achimwene ofunsa, ndinaionerako, ndipo mwadumpha pokoma. Kudansi kuja Ossi apeza Dr. Kersten yemweyo, woletsa anzake uja, akumwa. Iye osamuzindikira, amuyesa mnyamata. Amwera limodzi mpaka kuledzera, apsompsonana ali m'masuti onse awiri, ndipo chifukwa anasinthana majekete momwe munali maadiresi awo, woyendetsa ngolo atula aliyense kunyumba kwa mnzake. Kersten adzuka pabedi la mtsikana amene amayenera kumulanga. Tsono mtsikanayo ponena kuti sakufuna kukhala mwamuna, wagonja kapena wapambana? Womuyang'anira uja ali m'manja mwake tsopano, sangamuletsenso kanthu. Ine ndikuona kuti Lubitsch akuseka amuna amene amadandaula za kolala pamene zitseko zonse ndi zowatsegukira.

Wofunsa:

Amayi, mwandigwira pamenepo. Koma kulira kuja analetsedwadi, si bodza.

Mphunzitsi wa mbiri yakale:

Onjezanipo nyengo yake. Filimuyi inatuluka nkhondo yoyamba ya dziko lonse ikupita kumapeto, amuna ambirimbiri ali kunkhondo, akazi akugwira ntchito m'mafakitale ndi m'matiramu, sitima zoyenda m'misewu ya m'tauni. Mu November 1918 akazi a ku Germany anapatsidwa ufulu wovota, navota koyamba mu January 1919. Oonera ankaseka nkhani imene inali kale pakhomo pawo.

Mkazi wovala chimuna sichinali chachilendo m'zisudzo zawo, anali nalo ndi dzina lomwe, Hosenrolle, gawo la buluku. Asta Nielsen, mayi wotchuka wosewera m'mafilimu, anachita zotere mu filimu ya Das Liebes-ABC mu 1916, ndipo mu 1921 anasewera Hamlet, kalonga wa m'sewero la Shakespeare, ngati mwana wamkazi woleredwa ngati mwamuna. Chodabwitsa n'chakuti lamulo lawo la Paragraph 175, la mu 1871, linkalanga amuna ogonana okhaokha, koma kupsompsonana kuja kunadutsa, poti woonera aliyense ankadziwa kuti m'sutimo muli mkazi.

Mayi wa ku Zomba:

Aphunzitsi, buluku lomwelo ife kuno linali mlandu. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauzi pagulu mpaka linachotsedwa mu 1993. Ossi akanayesa zake zija pa Zomba, akanagona kupolisi asanafike kudansi.

Funso langa kwa bambo a ku Ntcheu ndi ili: mkazi amene amadzuka usiku kupita ku Tunduma, ku Tanzania, kukaoda katundu, nabwera miyendo itatupa, mwambi wake ndi uti?

Bambo wa ku Ntcheu:

Amayi, umenewo ndikafunse kaye kwa akuluakulu anzanga.