Khepri, Ra ndi Atum: milungu itatu kapena dzuwa limodzi?

Nangozo:
Akuluakulu, ndithandizeni. M'manda a mfumukazi Nefertari ku Egypt anajambula mulungu wa thupi la munthu, koma pamalo pa mutu pali chikumbu chathunthu. Akuti ndi Khepri, dzuwa la m'mawa. Nanga Ra ndiye ndani? Komanso chikumbu chogubuduza ndowe chinakhala bwanji mlengi?

Chigumula:
Mayi Nangozo, dzuwa ndi limodzi, dzina ndi lomwe limasintha ndi nthawi. Likamatuluka ndi Khepri, likafika paliwombo ndi Ra, likapendeka n'kukalamba ndi Atum. Ansembe a mumzinda wakale wa Heliopolis ndiwo anakulitsa chiphunzitsochi.

Nkhani yaikulu ili usiku. Malemba a Amduat, ofotokoza za dziko la akufa, omwe ali pazipupa za manda a mfumu Thutmose III kumanda a mafumu otchedwa Valley of the Kings, amagawa usiku m'maola 12. Dzuwa limayenda pabwato kudziko la akufa. Ola lachisanu ndi chimodzi limakumana ndi mtembo wa Osiris, mulungu wa akufa, n'kulandira mphamvu zatsopano, ola lotsatira njoka Apophis imafuna kutsekereza bwatolo koma imamangidwa n'kudulidwadulidwa. Ola lomaliza bwato amalikokera m'kati mwa chinjoka china, kulowera kumchira n'kutulukira kukamwa, ndipo lotulukalo ndi Khepri. Kwa anthu akale a ku Egypt, kucha kulikonse kunali kulengedwanso kwa dziko.

Gogo Mbewe:
Ndionjezepo za chikumbucho, poti ambiri amasokoneza pomwepa. Mipira yake ya ndowe ilipo iwiri. Umene timauona chikuukankha ndi miyendo yakumbuyo, mutu uli pansi, kawirikawiri ndi chakudya chomwe chikukakwirira. Wa ana amaumba ndi chachikazi kudzenje, wochepa mbali imodzi ngati peyala, n'kuikamo dzira limodzi. Mphutsi imadya ndoweyo m'kati mpaka kusanduka chikumbu, kenako imaboola nthaka.

Anthu akalewo sankaona za pansizo. Ankangoona mpira ukulowa m'nthaka, patsogolo pake zikumbu zikutumphuka popanda mayi. Ndiye anati ichi chimadzilenga chokha, ndipo chizindikiro chake m'malemba awo, kheper, chinkaimira kukhalapo kapena kusandulika. N'chifukwa chake chimapezeka m'mayina aufumu, monga Nebkheperure, dzina lina la mfumu Tutankhamun.

Nangozo:
Zikomo agogo. Kodi Khepri anali ndi kachisi wakewake?

Chigumula:
Sanali ndi akachisi akuluakulu ngati milungu ina, monga Amun kapena Ptah. Chooneka bwino ndi chosema chachikulu cha chikumbu, cha mwala wa granite, pafupi ndi dziwe lopatulika ku kachisi wa Karnak, cha m'nthawi ya mfumu Amenhotep III. Ulemu wake unali kwambiri pazithumwa ndi pazidindo.

Musasakanize tizikumbu tovala amoyo ndi chikumbu cha mtima. Tovalato n'tating'ono, tobooledwa m'litali kuti tilowe mkuzi kapena mphete. Cha mtima n'chachikulupo, chimayenera kukhala cha mwala wobiriwira, ndipo ankachiika pachifuwa pa mtembo poukulunga nsalu. Kunsi kwake ankalembako mutu 30B wa Buku la Akufa (malemba othandiza womwalira kudziko la akufa), wochonderera mtima kuti usaneneze mwini wake pamene ukuyezedwa pasikelo ndi nthenga ya Maat, mulungu wamkazi wa chilungamo. Mtima ukalemera, chilombo Ammit chinkaudya, munthuyo n'kutheratu. Mukaona chikumbu chokhala ndi mayina a mfumu okha kunsi, chimenecho si cha mtima, ngakhale chikhale chobiriwira.